Atambala Awiri M'khola Limodzi

Akuluakulu adanena kuti atambala awiri salira m'khola limodzi. Mawu amenewa ayenera kukumbukiridwa ndi aliyense amene wayamba kuphunzira kulemba mapulogalamu m'chinenero cha Python pa kompyuta yoyendera Debian kapena Ubuntu, pakuti m'makina oterewa muli akapitawo awiri olimbirana ntchito imodzi.

Wolemba mapulogalamu salemba zonse yekha ayi. Amabwereka zidutswa zimene anzake adalemba kale, zotchedwa malaibulale. Kapitawo woyamba wobweretsa malaibulalewa ndi apt, amene amasunga kaundula wa phukusi lililonse limene waika m'kompyuta. A bungwe la Debian, limene Ian Murdock adaliyambitsa m'chaka cha 1993, amayamba ayesa maphukusiwo kuti aone ngati akugwirizana asanawatulutse. Kapitawo wachiwiri ndi pip, amene amakatenga malaibulale a Python kunkhokwe ya pa intaneti yotchedwa PyPI, kumene kawirikawiri kumapezeka atsopano kuposa a apt.

Vuto lagona poti apt sadziwa zimene pip waika. Apt amasunga malaibulale ake mu /usr/lib, pamene pip, akapatsidwa mphamvu ndi lamulo la sudo, amaika ake mu /usr/local/lib. Tsono Python akamafuna laibulale amayambira kuyang'ana kwa pip, kotero kuti yatsopano imaphimba yakale. Tsoka lake nlakuti zida zina za Ubuntu, monga add-apt-repository, zidalembedwa m'Python momwemo ndipo zimadalira yakale ija. Motero wophunzira amene amangofuna kutsiriza ntchito yake angathe kulemaza kompyuta ya kalasi lonse, ndipo chilemacho nthawi zina chimadzaoneka patapita masabata, aliyense ataiwala kale chimene chidachitika.

Pofuna kuthetsa mkanganowu, akatswiri a Python adagwirizana mfundo yotchedwa PEP 668. Kuyambira m'chaka cha 2023, pa Debian 12 ndi Ubuntu 23.04, pip amakana kuika kanthu m'Python wa kompyuta yonse, nalemba uthenga wakuti externally-managed-environment, ndiko kuti malowo ali ndi mwini wake kale. Ena opupuluma amamkakamiza powonjezera mawu akuti --break-system-packages, osasamala kuti mawuwo akunena poyera za kuswa maphukusi.

Njira yanzeru ndiyo kumangira tambala wachiwiri khola lakelake. Chida chochitira zimenezi ndi venv, chimene chidalowa mu Python 3.3 m'chaka cha 2012. Pa Debian ndi Ubuntu muyambe mwaika phukusi la python3-venv ndi apt. Kenaka mulembe python3 -m venv ntchito, ndipo padzapangidwa foda yotchedwa ntchito. Mukalemba source ntchito/bin/activate, zonse zimene pip adzabweretse zidzalowa m'fodamo basi. Zinthu zikasokonekera, mungofufuta fodayo ndi kumanga ina, kompyuta ili bwinobwino.

Aphunzitsi anzanga, tiyeni tiphunzitse ana zimenezi tsiku lomwe ayamba kugwiritsa ntchito pip, asanazolowere njira yachidule. Adziwe kuti zofunika kompyuta yonse nza apt, zofunika ntchito ya munthu mmodzi nza pip m'kati mwa venv, ndipo sudo ndi pip sayendera limodzi.

Sabata yamawa tidzaona mmene tingalembere mndandanda wa malaibulale athu mu requirements.txt, kuti mnzathu athe kumanga khola lofanana ndi lathu.