MAYESO A PAPEPALA SAMVA PAKAMWA PA MWANA

Mu komboni ya Linda, kumwera kwa mzinda wa Lusaka, ana amasewera m'Cinyanja ca m'tauni, koma mayeso ambiri a Giredi 7 amawapeza m'Cingelezi. Mayesowo ndi osankha yankho papepala, ndipo palibe womva mwana akulankhula.

Mu 1966 Cingelezi cinakhala cinenero cophunzitsira kuyambira Giredi 1. Mu 2014 boma linaika zinenero zathu m'makalasi anayi oyamba. Pa zaka zonsezi makolo akhala akufunsa kuti, kodi mwana wathu akucidziwadi Cingelezi?

Akatswiri a zinenero amapima zinthu ziwiri. Coyamba ndi kumasuka kwa lilime: amawerenga mau amene mwana wanena pa mphindi imodzi, ndiponso kuti wadodoma kangati. Caciwiri ndi kulondola: ziganizo zingati zatuluka zopanda colakwa. Mwana wina amathamanga koma akulakwitsa. Mnzace amalondola koma pang'onopang'ono, mwamantha.

Motero makolo, musanyengedwe ndi liwiro lokha, ndiponso musamuseke mwana akaphonya mau. Womuseka amamutseka pakamwa, ndipo mwana wongokhala cete palibe mphunzitsi angamupime.