Voti ya woimira boma pa milandu: momwe zimayendera ku America

Ku America wapolisi akamanga munthu, mawu omaliza sakhala ake. Fayilo imapita ku ofesi ya woimira boma pa milandu wa deralo, ndipo kumeneko ndi komwe amagamula ngati munthuyo aimbidwe mlandu kapena amasulidwe, aimbidwe mlandu uti, komanso boma limupemphere chilango chotani. M'madera ambiri mkulu wa ofesi imeneyi saikidwa ndi pulezidenti kapena nduna. Amasankhidwa ndi anthu pa voti. Amachititsa misonkhano yokopa anthu, amapempha ndalama za kampeni, amayenda khomo ndi khomo monga achitira aliyense wofuna mpando wa ndale.

Kwa ife a ku Malawi izi n'zachilendo. Mkulu woimira boma pa milandu, DPP, amasankhidwa ndi Pulezidenti ndipo komiti ya Nyumba ya Malamulo yoona za maudindo imamuvomereza, pomwe milandu yambiri ya m'makhoti a majisitireti imazengedwa ndi apolisi oimira boma. Boma lalikulu la America nalonso lili ndi oimira ake 93 osankhidwa ndi pulezidenti n'kuvomerezedwa ndi nyumba ya Senate. Koma milandu ya tsiku ndi tsiku, yakuba, yovulaza, yogwiririra, yopha, yopezeka ndi mankhwala ozunguza bongo, yambiri ili pansi pa malamulo a zigawo 50 za dzikolo, ndipo imazengedwa ndi maofesi a m'madera oposa 2,300. Zigawo zochepa zokha ndi zomwe sizisankha oimira boma a m'madera pa voti: ku New Jersey amaikidwa ndi bwanamkubwa, ku Connecticut amaikidwa ndi bungwe lapadera, pomwe ku Alaska, Delaware ndi Rhode Island milandu ili m'manja mwa ofesi imodzi ya chigawo chonse. Dzina la udindowu limasiyana. Ku Pennsylvania, New York ndi California amati district attorney, mwachidule DA. Ku Illinois amati state's attorney. Ku Virginia commonwealth's attorney. Ku Indiana ndi Missouri prosecuting attorney. Ntchito ndi yomweyo.

Mphamvu yeniyeni ya ofesiyi sionekera m'khoti. M'mafilimu timaona maloya akukangana pamaso pa jaji ndi gulu la anthu wamba omvetsera mlandu, koma milandu yofika pamenepo ndi yochepa kwambiri. Mu 2012 Khoti Lalikulu la dzikolo lidanena kuti mwa anthu 100 opezeka olakwa m'makhoti a zigawo, 94 amachita kuvomera okha mlandu, ndipo m'makhoti a boma lalikulu ndi 97. Kuvomera kumeneku kumabwera pambuyo pa malonda: woimira boma amauza woganiziridwa kuti akavomera mlandu wocheperako alandira chilango chopepuka, akakana amuimba mlandu waukulu. Jaji amadzangotsimikiza zomwe agwirizana.

Mlandu wa Paul Hayes wa ku Kentucky ukuonetsa kukula kwa mphamvuyi. Hayes adagwidwa ndi cheke chachinyengo cha madola 88 ndi masenti 30. Woimira boma adamuuza kuti akavomera amupemphera zaka zisanu, koma akakana amuimbanso mlandu pansi pa lamulo la anthu obwereza milandu, poti adali atapezekapo wolakwa kawiri. Hayes adakana, adapezeka wolakwa, ndipo adalamulidwa kukhala m'ndende moyo wake wonse. Mu 1978 Khoti Lalikulu, pa mavoti asanu kwa anayi, lidati woimira bomayo sadaphwanye lamulo. Kusiyana kwa zaka zisanu ndi moyo wonse kudagamulidwa mu ofesi, ndi munthu mmodzi. Munthu wotere ndi amene anthu amamuvotera.

Kuti tione momwe munthu amafikira pampandowu, titenge mzinda wa Philadelphia m'chaka cha 2017. DA wa nthawiyo, Seth Williams, adavomera mlandu wa ziphuphu chaka chomwecho ndipo adalamulidwa kukhala m'ndende zaka zisanu, ndiponso sadaime pa chisankho cha chaka chimenecho. Wofuna kuimira amayenera kukhala loya wovomerezeka komanso wokhala m'deralo. Akatero amatolera masiginecha a ovota a chipani chake kuti dzina lake lilowe pa pepala lovotera. Pa udindo wa mzinda wonse wa Philadelphia pamafunika masiginecha 1,000, ndipo opikisana naye amatha kuwatsutsa ku khoti akapezamo olakwika. Kenako pamabwera chisankho chachipulula. Ku Pennsylvania, chigawo chomwe muli mzinda wa Philadelphia, pa chipulula amavota okhawo amene adalembetsa m'chipanicho, ndipo poti ovota ambiri a ku Philadelphia ndi a chipani cha Democratic, wopambana chipulula cha chipanichi amakhala ngati watenga kale mpando.

M'mwezi wa Meyi 2017 anthu asanu ndi awiri adapikisana pa chipulula chimenechi. Adapambana ndi Larry Krasner, loya amene adali asanaimirepo boma pa mlandu uliwonse. Zaka zake zonse adazithera poteteza oimbidwa milandu ndi kusumira apolisi a mzindawo, ndipo adawasumira ka 75. Adapeza mavoti pafupifupi 38 pa 100 alionse, pa chisankho chomwe mwa anthu asanu olembetsa, sadakwane ndi mmodzi yemwe wopita kukavota. Ndalama zidagwira ntchito: mpondamatiki George Soros adapereka madola oposa miliyoni imodzi ku gulu lomwe linkamuchemerera Krasner pa wailesi ndi pa kanema. Ena amadandaula kwambiri ndi ndalama zochokera kunja kwa mzinda zoterezi, ndipo dandaulo lawo n'lomveka, koma mabungwe a apolisi nawonso akhala akuika ndalama ndi mawu awo pa zisankho izi kwa zaka zambiri, ndipo woimira boma ndi amene amayenera kuzenga wapolisi akalakwa. Mu Novembala chaka chomwecho Krasner adagonjetsa Beth Grossman wa chipani cha Republican ndipo adayamba ntchito mu Januwale 2018. Nthawi ya udindowu ndi zaka zinayi.

Nanga ofuna mpandowu amalonjeza chiyani? Kwa zaka zambiri lonjezo lidali limodzi: ndidzakhwimitsa, ndidzamanga ambiri, ndidzapempha zilango zazitali. Zinthu zidayamba kusintha pambuyo pa imfa ya Michael Brown, mnyamata wachikuda amene adawomberedwa ndi wapolisi ku Ferguson mu Ogasiti 2014. Kim Foxx adapambana ku Cook County, komwe kuli Chicago, mu 2016. Mu 2018 Wesley Bell adagwetsa Bob McCulloch ku St. Louis County, komwe kuli Ferguson. McCulloch ndi munthu amene adakhala pampando kuyambira 1991 ndiponso amene ofesi yake idayendetsa nkhani ya Brown popanda wapolisiyo kuimbidwa mlandu. Kuyambira pamenepo mkangano wakhala pa nkhani zingapo zenizeni.

Yoyamba ndi belo. M'makhoti ambiri a ku America munthu amatuluka podikira mlandu akapereka ndalama, ndipo wosauka amene alibe madola mazana angapo amagona m'ndende masabata kapena miyezi asanapezeke wolakwa. Ntchito imamuthera, lendi imamugwera, ndipo ambiri amangovomera mlandu kuti abwerere kunyumba. Belo amagamula ndi jaji, koma pempho la woimira boma limalemera. Mu Febuluwale 2018 ofesi ya Krasner idasiya kupempha belo ya ndalama pa milandu ing'onoing'ono 25, idasiyanso kuimba anthu mlandu wopezeka ndi chamba chosuta okha. Adalamulanso maloya ake kuti popempha chilango cha ndende azinena pamaso pa jaji ndalama zomwe boma lidzawononge posunga mkaidiyo. Otsutsa adati izi zikupatsa mphamvu akuba a m'masitolo ndi ogulitsa mankhwala m'misewu, ndipo eni masitolo ang'onoang'ono amene amaberedwa kawirikawiri si anthu oti madandaulo awo anyozedwe. Funso lofunika kwa wopikisana aliyense n'lakuti: milandu yomwe simudzaizenga ndi iti, ndipo munthu woberedwayo mudzamuchitira chiyani m'malo mwake?

Nkhani ina ndi ya anthu omangidwa osalakwa. Kuyambira pa chigamulo cha mlandu wa Brady mu 1963, woimira boma amayenera kupereka kwa woimbidwa mlandu umboni uliwonse womwe ungamuthandize. Si onse amatero. Mu 2007 Craig Watkins wa ku Dallas adakhazikitsa nthambi mu ofesi yake yofufuzanso milandu yakale, ndipo maofesi ambiri atsatira. Woimira boma amene angavomere kuti ofesi yake idamangitsa munthu wosalakwa ndi amene ndingamukhulupirire akamati uyu ndi wolakwa.

Palinso nkhani yomwe ikukhudza abale athu okhala ku America amene sadatenge unzika. Kuvomera mlandu wooneka waung'ono kungachititse munthu kuthamangitsidwa m'dzikomo, ngakhale ali ndi mapepala okhalira. Mu 2010, pa mlandu wa Padilla, Khoti Lalikulu lidagamula kuti loya ayenera kuchenjeza munthu wake za ngozi imeneyi asanavomere. Maofesi ena, kuphatikizapo ya Philadelphia, adaika loya wapadera woona momwe mlandu ungakhudzire mlendo. Ena salabadira konse. Munthu asavomere mlandu uliwonse asanafunse loya wodziwa malamulo olowa ndi kutuluka m'dziko.

Pamwamba pa zonsezi pali mantha a mfuti, ndipo apa ndi pomwe zisankho zambiri zimatembenukira. Mu 2021 anthu 562 adaphedwa ku Philadelphia, chiwerengero chomwe mzindawo udali usanachionepo. Adani a Krasner adati nazo zipatso za ndondomeko zake. Mu 2024 chiwerengero chidatsika kufika pa 269, iye akadali pampando pomwepo ndi ndondomeko zomwezo. Chilungamo chake n'chakuti mu 2020 kuphana kudakwera ndi pafupifupi 30 pa 100 m'dziko lonse, m'mizinda ya oimira boma okhwima ndi ofewa omwe, m'matauni ndi m'midzi, ndipo kudatsikanso m'madera ambiri nthawi imodzi. Sindikuona chifukwa chomusenzetsa Krasner mlandu wonse wa 2021, ndipo sindikuonanso chifukwa chomupatsa ulemu wonse wa 2024. Woimira boma sagwira zigawenga; amazenga okhawo amene apolisi amubweretsera, ndipo milandu yambiri yowomberana imatha popanda womangidwa. Zomwe angayankhepo ndi izi: mwa milandu ya mfuti yomwe idafika pa desiki pake, ingati idathera panjira chifukwa mboni sizidabwere kapena fayilo sidakonzeke, ndipo mabanja a ophedwa ankauzidwa momwe mlandu ukuyendera kapena ankamvera pa wailesi.

Woimira boma akalakwitsa, kumugwira n'kovuta. Mu 1976 Khoti Lalikulu lidati sangasumiridwe kuti alipire chipukuta misozi pa zomwe wachita pozenga mlandu. Curtis Flowers wa ku Mississippi adazengedwa mlandu umodzi wakupha kasanu ndi kamodzi ndi woimira boma yemweyo, Doug Evans. Mu 2019 Khoti Lalikulu lidathetsa chigamulo chomaliza litapeza kuti pa milandu yonseyo, mwa anthu achikuda 42 amene akadakhala m'gulu lomvetsera mlandu, Evans adachotsa 41. Flowers adakhala m'ndende zaka zoposa 20, ndipo mlandu wake udathetsedwa mu 2020. Evans adasankhidwanso mu 2019 popanda wopikisana naye. Izi si zachilendo: zisankho zambiri za udindowu, makamaka m'madera akumidzi, zimakhala ndi dzina limodzi pa pepala lovotera.

Njira zochotsera woimira boma nthawi yake isanathe zilipo, ndipo zimasiyana chigawo ndi chigawo. Ku California anthu amatha kutolera masiginecha n'kuitanitsa voti yomuchotsa. Umu ndi momwe Chesa Boudin wa ku San Francisco, wosankhidwa mu 2019, adachotsedwera mu Juni 2022. Ku Florida bwanamkubwa Ron DeSantis adaimitsa Andrew Warren mu 2022 ndi Monique Worrell mu 2023, koma ovota adamubwezera Worrell pampando mu 2024. Ku Pennsylvania aphungu a chigawo adavota mu Novembala 2022 kuti Krasner azengedwe mlandu womuchotsa, koma nkhaniyo idafera m'makhoti, ndipo anthu a ku Philadelphia, amene adamusankhanso mu 2021, adamupatsanso mpando mu 2025. Ku Los Angeles zidayenda mwina: George Gascón, wa maganizo ofanana ndi a Krasner, adagonja kwa Nathan Hochman mu 2024. Voti ya anthu a deralo, kaya yomusunga kaya yomuchotsa, ndimailemekeza. Kuchotsedwa ndi bwanamkubwa kapena aphungu ochokera kutali chifukwa chosiyana maganizo, popanda katangale kapena kuphwanya lamulo, ndikuona kuti n'kulanda anthu chisankho chawo.

Kodi ndi bwino kuti udindo wotere uzipita ku voti? Ngozi yake ndi yoonekeratu: munthu wofuna kusankhidwanso amatha kuzenga mlandu kuti asangalatse gulu, ndipo wolandira ndalama za kampeni amakhala ndi ngongole. Ubwino wake ndi wakuti zomwe m'maiko ena zimagamulidwa mobisa, ku America wopikisana amakakamizika kuzinena poyera. Ubwino umenewu umatha ngati anthu anayi mwa asanu akhala kunyumba tsiku la chipulula. Inu amene muli ndi ufulu wovota ku America, fufuzani dzina la woimira boma wa dera lanu ndi chaka chomwe nthawi yake ikutha, lembetsani m'nthawi yake, ndipo wopikisana akabwera pa msonkhano mumufunse za belo, za milandu yomwe sadzaizenga, za wapolisi wolakwa, komanso ngati adzatulutsa poyera ziwerengero za ofesi yake chaka chilichonse.