KASAMALIDWE KA KHADI LA M'KOMPYUTA YA M'MANJA

Masiku ano aphunzitsi ambiri ndi anthu ena a kumidzi ali kuyenda ndi makompyuta a m'manja, monga tabuleti ndi mafoni aja a galasi lalikulu. M'makina amenewa mumalowa kanthu kakang'ono kotchedwa memory card, kamene m'nkhani ino tikatcha khadi. M'khadimo mphunzitsi asunga maina ndi malikisi a ana, mlimi asunga zithunzi za makalata a munda wache. Khadi likaonongeka, ntchito ya chaka chathunthu itha kutayika tsiku limodzi. Nchifukwa chache mwezi uno tifuna kukufotokozerani kasamalidwe kache.

Makhadi ofala ali a mitundu iwiri. Lalikulu litchedwa SD, ndipo makampani atatu, SanDisk, Panasonic ndi Toshiba, analengeza za khadili m'chaka cha 1999. Laling'ono litchedwa microSD. Dzinali linayamba mu 2005, ndipo khadilo ndi la mamilimita 15 m'litali ndi 11 m'lifupi, ngati chikhadabo cha chala. Limeneli ndilo liri m'mafoni ambiri.

Kodi nchifukwa ninji sitiyenera kungolisolola?

Taganizani za mlembi wa pa bwalo la mfumu. Iye ayamba wamva mlandu, nausunga m'mutu, ndipo pambuyo pache aulemba m'buku. Munthu akamlanda bukulo cholembera chiri m'manja, mlandu utsala wosatha. Kompyuta ichita chimodzimodzi. Mukajambula chithunzi kapena kulemba kalata, makina ayamba asunga zina mwa iwo okha, nazilemba m'khadi pang'ono pang'ono. Ndiponso m'khadi muli kaundula wonena malo a chinthu chiri chonse. Mukasolola khadi kaundulayo ali kulembedwa, zinthu zingakhale zirimo ndithu, koma makina sadziwanso pamene ziri.

Tsono pochotsa khadi chitani motere:

1. Tsekani nyimbo, zithunzi ndi makalata onse amene muli kuona.

2. Pa makina a Android, lowani pa Settings, ndipo pitani pa Storage. Sankhani khadi lanu, nimukhudze pa mau akuti Eject kapena Unmount.

3. Dikirani kufikira makina atanena kuti khadi lamasuka. Paja akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha.

4. Ngati mauwo simuwapeza, zimitsani makina onse, ndipo chotsani khadi atazima.

5. Ngati khadi liri m'kathireyi ka m'mbali, tsegulani ndi kawaya kache. Ngati liri m'kabowo lokha, likankheni pang'ono ndi chikhadabo, lidzatuluka. Musalikoke ndi mpeni kapena singano.

Khadi likatuluka, ligwireni m'mbali. Musakhudze tizitsulo tache tonga golide, pakuti thukuta ndi fumbi ziletsa makina kuliwerenga. Liikeni m'kabokosi kouma, kutali ndi moto ndi ana. Pa khadi lalikulu pali kaloko m'mbali. Mukatsitsira kalokoko ku mau akuti Lock, makina sadzalola kufufuta kanthu. Khadi laling'ono liribe kaloko kotere.

Chenjerani ndi mau akuti Format. Mau amenewa atanthauza kusesa khadi lonse. Makina akakufunsani, musavomere musanakopere zinthu zanu kwina. Ndiponso kuyambira 2015, makina ena a Android afunsa ngati mufuna kuti khadi likhale ngati chiwalo cha makinawo. Mukavomera, khadilo likhomedwa kotero kuti makina ena sangaliwerenge, ndipo foni ikafa, za m'khadimo zipita nayo pamodzi. Amene afuna kumasuntha khadi lache asankhe kuti likhale lonyamulika.

Mukafufuta chinthu mwangozi, lekani kugwiritsa ntchito khadilo nthawi yomweyo. Kawiri kawiri chinthucho chikadalimo kufikira china chitalembedwa pa malo ache, ndipo mmisiri wodziwa makompyuta angathe kuchibweza.

Pogula khadi, pitani ku sitolo yodziwika. Alipo makhadi onyenga amene alembedwa kuti ndi akulu pamene m'kati ndi ang'ono; akadzaza, zinthu ziyamba kusowa mwini wache osadziwa. Ndiponso khadi la ntchito za sukulu musapite nalo kwa oika nyimbo pa msika, chifukwa kumeneko lingatenge matenda a makompyuta otchedwa vairasi.

Potsiriza, kumbukirani kuti khadi liri lonse limakalamba, pakuti kulemba ndi kufufuta kulitopetsa, ndipo limafa losatsazika. Mlimi wanzeru sasunga mbeu yache yonse m'nkhokwe imodzi. Inunso koperani zinthu zofunika pa khadi lina kapena pa kompyuta ya ku sukulu kamodzi pa mwezi, ndipo malikisi a ana muwalembenso m'kaundula wa pepala. Aphunzitsi, tikupemphani kuti muwerengere nkhaniyi makolo ndi ana a makalasi akulu.