Sukulu ya pa Lichero

Pa tchuthi chapitachi ndinali kwathu ku Mulanje, kufupi ndi msika wa Limbuli. Tsiku lina agogo anga aakazi anatipatsa lichero la nyemba, ine ndi mlongo wanga wa zaka zisanu, kuti tisankhe zandiwo. Nyembazo zinali zosakaniza: phalombe wofiira, kayera woyera ndi nanyati wamawangamawanga. Munalinso timiyala ndi zina zofumbwa. Mlongo wangayo ankachedwa kwambiri, moti ndinamulanda licherolo ndi kumuuza kuti apite akasewere. Agogo anandiyang'ana nati, "Dekhani, bambo mfumu. Inuyo munabadwa mukudziwa kusankha?" Ndinachita manyazi, ndipo ndinamubwezera. Zimene ndinaona pambuyo pake ndi zimene ndifuna kukambirana nanu, anzanga a pano pa seminale, ansembe athu ndi makolo.

Poyamba mwanayo anaunjika nyemba milu itatu potsata maonekedwe. Izi sizinamuvute. Vuto linadza pamene anatola nyemba yofiira koma yobooledwa ndi anankafumbwe. Aiike pa mulu wa zofiira kapena aitaye? Anaigwira nthawi yaitali, akuitembenuza. Kenaka anayamba mulu wachinayi wa zofumbwa zokhazokha, nabwereranso ku milu itatu ija kukafufuza ngati munalowa zofumbwa zina. Anapezamo zisanu ndi imodzi.

Tsono taonani zimene zinachitika m'mutu mwake. Anali ndi lamulo limodzi, lakuti nyemba zimasiyana mtundu. Anakumana ndi nyemba imene lamulolo silikanatha kuiweruza. Anapanga lamulo latsopano, ndipo anazindikira yekha kuti ntchito yoyamba ija iyenera kuonedwanso. Kodi si zomwezi zimene aphunzitsi athu a masamu amatidandaulira nazo, kuti tikapeza yankho sitibwerera kukaona ngati lili loona? Ndikanakhala kuti ndinamuuza msanga kuti "taya iyo", akanataya ndithu, koma kuganiza konseko ndikanamulanda.

Kufananiza zinthu ndi mbale wake wa kusankha. Mwana akamafunafuna chivindikiro cha poto aliyense, kapena kupezera silipasi iliyonse inzake pa khomo la nyumba, chinthucho chimamuuza chokha ngati walakwa. Chivindikiro chaching'ono chimagwera m'kati, chachikulu sichikhazikika. Sipafunika munthu womukalipira. Chimodzimodzi mukamutuma kuti aike mbale imodzi pa munthu aliyense wodzadya nsima. Akasowa mbale munthu mmodzi, mwana amaona ndi maso kuti anthu achuluka kuposa mbale. Apa ndi pamene pamayambira kuwerenga kwenikweni. Ana ambiri amatha kuimba manambala mpaka 20 ngati nyimbo, koma mukawauza kuti akupatseni mango anayi amangotapa.

Nditabwerera kuno ndinawerenga za Maria Montessori, dokotala wa ku Italy amenenso anali Mkatolika. Pa 6 January 1907, tsiku la Epifaniya, mayiyu anatsegula nyumba yophunzitsiramo ana aang'ono ku San Lorenzo, dera la anthu osauka mu mzinda wa Rome. Anawo ankatsala okha makolo awo akapita ku ntchito, monga zimakhalira kwathu makolo akalawirira kukathyola tiyi. Chimodzi mwa zipangizo zake chinali thabwa la mabowo khumi osiyana kukula, ndi timitengo khumi tolowa m'mabowomo. Mwana akalowetsa kamtengo pa bowo losayenera, pomaliza kamatsala kamodzi kopanda malo, ndipo amayambiranso yekha. Ine ndikuona kuti mapoto a agogo ndi zivindikiro zake amagwira ntchito yomweyo, ndipo salira ndalama.

Ngakhale ife otumikira pa Misa tinadzera momwemo. Ndili wamng'ono ndinkathandiza kusanja zovala za ansembe: zobiriwira pa zokha, zofiira, zoyera ndi za chibakuwa za nyengo ya Adiventi ndi Lenti. Ndinadziwa nyengo za Mpingo ndi manja ndisanaziphunzire pa katekisimu.

Kwa makolo ndi amene amasamala ana m'sukulu za mkombaphala, pali chenjezo. Mwana wosakwana zaka zitatu musamupatse nyemba kapena chimanga, chifukwa amaziika m'kamwa, m'mphuno ngakhale m'khutu. Mupatseni zitsononkho, masamba akuluakulu kapena makapu. Ndipo mbewu zothiridwa mankhwala oteteza anankafumbwe si zoseweretsa mwana aliyense. Chinanso, mwana akasankha mosiyana ndi mmene inu mumaganizira, yambani mwamufunsa kuti, "Izi waziikiranji pamodzi?" Mlongo wanga tsiku lina anaika kapu, ndowa ndi chikho pa mulu umodzi, nasiya sefa pambali. Nditamufunsa anati, "Achimwene, iyi simungatungire madzi." Ndinalibe choyankha.

Komabe tisafulumire kuganiza kuti mwana wotere wadziwa zonse. Jean Piaget, katswiri wa ku Switzerland amene anafufuza kaganizidwe ka ana, anaonetsa kuti mukandandalika tinthu mizere iwiri yofanana, kenaka n'kutalikitsa mzere umodzi mwana akuona, ana ambiri osakwana zaka 6 kapena 7 amanena kuti mzere wautaliwo uli ndi zambiri. Usiku woti mawa ndibwerera ku seminale ndinayesa zimenezi ndi nyemba zisanu zofiira ndi zisanu zoyera. Mlongo wanga anawerenga mizere yonse iwiri bwinobwino, napeza zisanu zisanu. Nditatalikitsa zoyera, analoza zomwezo nati ndizo zambiri. Pakamwa panandiyabwa kuti ndimukonze, koma agogo anali pomwepo akundiyang'ana. Chaka chamawa ayamba Sitandade 1. Nyemba khumi zija ndinazimanga pa kansalu ndi kuwasungitsa agogo, kuti tidzayesenso pa tchuthi cha Khirisimasi.