Pamsasa, nkhani ya chimbudzi siyodikira

Tambala woyamba asanalire, amayi pamsasa amakhala atadzuka kale. Sadzukira kukoleza moto, pakuti nkhuni zidanyowa. Amadzukira kukaima pamzere kuseri kwa makalasi, kumene kuli zimbudzi za sukulu. Zimbudzizo adamangira ana obwera m'mawa n'kuweruka masana, koma tsopano zikutumikira midzi yathunthu usana ndi usiku: agogo oyendera ndodo, amayi oyembekezera, atsikana amene ali kumwezi ndi ana otsekula m'mimba. Mzere ukatalika, wina amayang'ana uku ndi uku n'kuzembera m'munda wa mapira womwe uli pafupi. M'mundamo madzi akadali olekeza m'maondo, ndipo akutsetsereka pang'onopang'ono kulowera kumjigo.

Aliyense amene adagonapo pamsasa ku Bangula, ku Nchalo kapena ku Makhanga akudziwa zimenezi. Madzi akasefukira m'chigwa cha Shire, zomwe zimamveka pawailesi ndi ufa, nyemba, mabulangete ndi matenti. Nkhani ya chimbudzi imatsalira m'mbuyo, mwina chifukwa tidaleredwa kuti siyokamba pagulu. Komatu munthu angathe kupirira njala tsiku limodzi kapena awiri, pamene kudzithandiza sikudikira galimoto ya thandizo.

Madzi saiwala khwawa

Chikwawa ndi Nsanje ali kumunsi kwa dziko lonse. Pamene mtsinje wa Shire ukutulukira kulowa m'dziko la Mozambique ndi malo otsika kuposa ena onse m'Malawi muno, mamita 37 okha kuchokera pomwe palekeza nyanja yamchere. Mvula yogwa ku Mulanje, ku Thyolo, ku Blantyre ndi ku Mwanza imathera kuno kudzera mu Ruo, Mwanza ndi mitsinje ina. N'chifukwa chake kuchigwa kumatha kusefukira ngakhale kumwamba kuli mbee.

Mu Januwale 2015, Pulezidenti Peter Mutharika adalengeza kuti maboma 15 ali pangozi, ndipo anthu pafupifupi 230,000 adasowa pokhala. Mu Malichi 2019, mvula yodza ndi namondwe wa Idai idathamangitsira anthu pafupifupi 87,000 m'misasa. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana adagumula damu la Kapichira n'kudula msewu wa M1 m'malo angapo, ndipo namondwe wa Gombe adabwera pamwamba pake mu Malichi. Chaka chotsatira, namondwe wa Freddy adasamutsa anthu oposa 650,000 m'chigawo cha kummwera, omwe adakhala m'misasa yoposa 700. Yambiri mwa misasayi idali sukulu ndi matchalitchi.

Kumene kwadutsa madzi, matenda amatsatira. Mu 2015 kolera adabuka ku Nsanje madzi atangophwera, mpaka boma ndi mabungwe adakonza katemera wakumwa wa anthu pafupifupi 160,000 a m'misasa ndi m'midzi yozungulira. Mliri wa kolera umene udayamba mu Malichi 2022 udaposa yonse m'mbiri ya dziko lino: udagwira anthu pafupifupi 59,000 n'kupha oposa 1,700. Kolera sachokera kumwamba. Amachoka m'mimba mwa munthu mmodzi n'kukalowa m'kamwa mwa wina kudzera m'madzi, m'manja ndi pa ntchentche. Chotseka njira imeneyi ndi chimbudzi.

Chimbudzi chonyamula m'manja

M'chigwa chomwechi, kunkhalango ya Majete imene bungwe la African Parks lakhala likuyendetsa kuyambira 2003, mumafika alendo okaona nyama, ena atakoka kalavani kumbuyo kwa galimoto. M'makalavani ambiri otere mumakhala kachimbudzi konyamula m'manja, kotalika ngati mpando wa ndalema. Kali ndi zigawo ziwiri zolumikizana. Chapamwamba ndi chokhalira chokhala ndi madzi otsukira, chapansi ndi thanki ya malita pafupifupi 20 momwe amathiramo mankhwala opha fungo. Munthu akatha, amakoka kachitseko ka pakati, zonse n'kugwera pansi, n'kutsekanso.

Ubwino wake ndi woonekeratu. Sikafuna khasu kapena dzenje. Zonyansa sizikhudza nthaka, choncho sizingafike pachitsime. Usiku munthu satuluka panja pomwe pali afisi ndi njoka. Kwa nkhalamba, wodwala kapena munthu wolumala amene sangathe kunjuta, kachimbudzi kokhalira chonchi ndi mpumulo waukulu. N'chifukwa chake ena amafunsa kuti bwanji zimbudzi zotere, kapena zikuluzikulu zapulasitiki zija timaziona pamaukwati ndi pazionetsero ku Blantyre ndi ku Lilongwe, osazitumiza kumisasa madzi akangosefukira.

Yankho ali nalo ndi mwini kalavani yemweyo. Iye amadziwa kuti pakatha masiku awiri kapena atatu thanki imadzaza, ndipo ayenera kuinyamula yekha kukakhuthula pamalo oyenera, kuitsuka, kuthiramo madzi ndi mankhwala ena ogula m'sitolo. Akazengereza, kutentha kwa kuchigwa kumam'kumbutsa ndi fungo. Chimbudzi chonyamula sichithetsa zonyansa, chimangozisunga kufikira wina atazichotsa.

Tsono tiwerengere pamsasa. Chimbudzi chapulasitiki chachikulu chimasunga malita oposa 200 pang'ono. Anthu 50 akamalowamo, aliyense n'kusiyamo lita imodzi ndi theka patsiku, sichitha masiku atatu chisanadzaze. Galimoto zopopa zambiri zili m'mizinda, ndipo kuchoka ku Blantyre kufika pa boma la Nsanje ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 180, pamsewu umene nthawi yomweyo umakhala utaduka. Ku Makhanga, kutsidya kwa Shire, madzi akakwera kumafikika paboti kapena pahelikoputa basi. Chimbudzi chodzaza chimene palibe wochipopa chimasanduka chiopsezo choposa tchire, chifukwa chimaunjika matenda pamalo amodzi pakati pa anthu.

Dziko la Haiti lidaphunzira zimenezi mowawa. Mu Okutobala 2010, miyezi ingapo chivomezi chachikulu chitachitika, zonyansa zochokera pamsasa wa asilikali a United Nations pafupi ndi tauni ya Mirebalais zidatayidwa mosasamala n'kulowa mumtsinje wothira mumtsinje waukulu wa Artibonite. Kolera amene adabuka pamenepo adapha anthu pafupifupi 10,000. Zimbudzi pamsasapo zidalipo. Chidalakwika ndi kotayira.

Dzenje, silabu ndi lona

Chimene chimamangidwa kawirikawiri m'misasa ya kuchigwa ndi chimbudzi chokumba chongoyembekezera. Anyamata a pamsasa amakumba ngalande yaitali, n'kuyala mitengo mopingasa. Pamwamba amaika masilabu apulasitiki obwera ndi mabungwe monga UNICEF ndi Red Cross, iliyonse ili ndi bowo, popondapo mapazi ndi chivundikiro. Kenaka amazika mitengo kapena nsungwi n'kukulunga malona kuti pakhale tizipinda. Panja amaimika mpondagiya: kachigubu kopachika pamtengo, chingwe, ndi kamtengo kopondapo kuti madzi atsike munthu osagwira chigubucho. Pambali pamakhala sopo womanga pachingwe, kapena phulusa m'chitini sopo akasowa. Ntchito yonseyi imatha tsiku limodzi kapena awiri, ndipo siidikira galimoto yopopa. Dzenje likadzaza amalikwirira n'kukumba lina.

Koma nthaka ya kuchigwa ili ndi khalidwe lake. M'mbali mwa Shire ndi mchenga umene umagumukira mkati munthu akadali kukumba. Cha ku Ngabu ndi makande, dothi lakuda long'ambika m'chilimwe ndi lofufuma m'dzinja, lomwe limakankha makoma a dzenje mpaka kugwa. Chovuta kuposa zonse ndi madzi a pansi. Miyezo ya Sphere, imene mabungwe othandiza pangozi amatsata padziko lonse, imati pansi pa dzenje pazitalikirana ndi madzi a m'nthaka ndi mita imodzi ndi theka, ndipo chimbudzi chizikhala mamita 30 kuchokera pachitsime kapena pamjigo. M'dzinja la chigumula, wokumba amatha kukumana ndi madzi dzenje lisanafike m'chiuno. Zikatero pamafunika chimbudzi chokweza, chokhala pamwamba pa migolo kapena pachulu chowunjika ndi manja, ndipo funso la wokhuthula migoloyo limabweranso.

Miyezo yomweyo imati chimbudzi chimodzi chizitumikira anthu osapitirira 20, ngakhale m'masiku oyambirira a ngozi amalola 50. Ndiye kuti msasa wa anthu 3,000 umafunika zimbudzi 60 poyamba, kenaka 150. Ndi sukulu iti ya pulayimale ku Chikwawa kapena ku Nsanje imene ili ndi zitseko zochuluka chonchi?

Lona salowa m'malo mwa chitseko

Pali zina zimene chiwerengero sichionetsa. Lona amakupizika ndi mphepo, amang'ambika, ndipo munthu akayatsa tochi mkati, wa panja amaona chithunzithunzi chake. Palibe loko. Chimbudzi cha amayi chikayandikana ndi cha abambo, kapena njira yopitako ikadutsa pomwe amuna amacheza, amayi ambiri amasankha kudzigwira mpaka mdima, ndipo ena amachepetsa kumwa madzi m'dera lotentha ngati limeneli. Mdimawo ndiwo umaika atsikana pachiopsezo cha amuna ankhanza. Palinso ulemu wa kwathu: mkamwini ndi apongozi ake kukumana pakhomo la chimbudzi ndi chinthu cholemera, ndipo ambiri amalolera kupita kutchire.

Bafa ndiye limaiwalika kwambiri. Mayi amene wangochira kumene, kapena mtsikana amene ali kumwezi, amafunika posamba, pochapira nyanda ndi poyanika pobisika. Bafa likasowa, amapita kumtsinje kapena kudambo, kumene madzi osefukira amakhala atabweretsa ng'ona pafupi ndi anthu. Likamangidwa popanda dzenje la miyala lomwetsa madzi, pakhomo pake pamasanduka chithaphwi choswana udzudzu, malungo n'kuwonjezera pa mavuto omwe alipo kale.

Ndipo chimbudzi cha aliyense chimasowa mwini. Kumene zinthu zimayenda bwino ndi kumene komiti ya pamsasa, mothandizana ndi alangizi a zaumoyo, yagawa zimbudzi kuti mabanja angapo odziwana akhale ndi chawo, yaika ndandanda wa osesa, ndipo kolorini, matsache ndi ndowa zilipo. Kumene zimenezi palibe, chimbudzi chatsopano chimanyansa sabata isanathe, ndipo anthu amachithawa.

Nthawi yomanga ndi chilimwe

Akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Chimbudzi chimene chili m'nyumba yosungiramo katundu ku Blantyre msewu utaduka sichingathandize mayi amene ali pamzere ku Bangula. Chomuthandiza ndi chimene chidamangidwa kale pamalopo mvula isanagwe.

Malo othawirako amadziwika. Mafumu a kwa Mlolo, kwa Nyachikadza, kwa Makhuwira ndi kwa Lundu angathe kutchula lero lomwe sukulu ndi matchalitchi amene anthu awo amathawirako chaka chilichonse cha chigumula. Pamalo amenewa ndi pofunika zimbudzi zokhazikika, zokweza pamwamba, za maenje omangidwa ndi njerwa mkati, zochuluka kuposa zimene ana asukulu amafuna, za amayi padera ndi bafa lawo, zokhala ndi zitseko, maloko ndi nyali ya sola, kuphatikizapo chimodzi chokhalira cha okalamba ndi olumala. Masilabu, malona ndi makasu azisungidwa pafupi, kutsidya lililonse la Shire, kuti zongoyembekezera zizingowonjezera pa zomwe zilipo. Zonyamula m'manja zili ndi malo ake: m'tenti ya odwala, pambali pa gogo wosayenda, ndi kulikonse kumene kuli munthu wopatsidwa udindo wokhuthula komanso dzenje lotetezeka lokhuthuliramo.

Nzeru zomangira zilipo m'dziko momwe muno. UNICEF ndi sukulu ya ukachenjede ya Mzuzu adalimbikitsa chimbudzi choyala njerwa mozungulira m'dzenje, zikunka zichepera kumwamba ngati kukamwa kwa mtsuko, chimene chimalimba popanda simenti kapena mitengo. Palinso zimbudzi za manyowa zomangidwa pamwamba pa nthaka, zosafuna dzenje lakuya. Zimenezi n'zofunika ngakhale kumudzi, chifukwa msasa ukatsekedwa anthu amakapeza zimbudzi zawo zitagwa, ndipo mphamvu zoyamba zimathera panyumba ndi kudimba.

Mu 2023 Nyumba ya Malamulo idavomereza lamulo latsopano loyendetsera ntchito za ngozi zogwa mwadzidzidzi, lolowa m'malo mwa la 1991, ndipo mtima wake ndi kukonzekera ngozi isanafike. Nthambi ya boma yoona za ngozi ya DoDMA, makhonsolo a Chikwawa ndi Nsanje, mafumu ndi mabungwe ali ndi poyambira pooneka ndi maso. Mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, madzi a pansi amakhala atatsika, njerwa zimauma msanga ndipo misewu imapitika. Imeneyo ndiyo nthawi yoti mmisiri ayeze dzenje kuseri kwa makalasi aja, kuti Shire akadzabweranso m'midzi, mayi wodzuka m'bandakucha adzapeze chitseko chotseka, madzi osamba m'manja, ndi njira yobwerera kwa ana ake osadutsa m'munda wa mapira.