Kodi alovera ndi mafuta a malambe angatchinge dzuwa la ku Zomba?

Mukakwera phiri la Zomba m'mwezi wa June, mphepo yozizira imakupusitsani. Thupi silimva kutentha, komabe khungu limakhala likupsa. Pamwamba pa phirili ndi pamtunda wa mamita pafupifupi 2,000, ndipo bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati mphamvu ya cheza cha dzuwa chotchedwa UV imakwera ndi 10 peresenti pa mamita 1,000 alionse. Ngakhale kuli mitambo yopyapyala, chezachi chimadutsabe.

Cheza cha UV chimene chimafika pansi pano chili mitundu iwiri. UVB ndi amene amawotcha khungu pamwamba. UVA amalowa mkati n'kuwononga kolajeni, ulusi umene umagwira khungu kuti likhale lolimba. Ulusiwu ukafooka, makwinya ndi madontho akuda amabwera msanga munthu asanakalambe.

Masiku ano m'misika ndi m'masitolo muli mafuta ambiri opangidwa kuchokera ku zomera monga alovera, chammwamba ndi njere za malambe. Mafutawa ali ndi ubwino wake: amafewetsa khungu louma, ndipo alovera amaziziritsa pamene papsa ndi dzuwa. Koma kufewetsa ndi kutchinga ndi zinthu ziwiri zosiyana. Mafuta a zomera paokha amatchinga cheza chochepa kwambiri.

Mafuta oteteza kudzuwa enieni amadziwika ndi nambala ya SPF pabotolo. A SPF 30 amatchinga pafupifupi 97 peresenti ya UVB. Onaninso ngati palembedwa kuti amateteza ku UVA. Adzoleni mokwanira ndipo bwerezani pakatha maola awiri, kapena mukatuluka thukuta kwambiri.

Kwa ana ndi akulu achialubino, nkhaniyi ndi ya moyo. Khungu lawo lilibe melanini wokwanira, choncho khansa ya pakhungu imawagwira mosavuta. Kalembera wa 2018 adapeza anthu achialubino 134,636 m'dziko muno. Iwowa amafunika mafuta a SPF 50, ndipo alovera sangalowe m'malo mwake. Mlangizi wa zaumoyo akaona chilonda chosapola pankhope, pakhutu kapena pakhosi, atumize munthuyo kuchipatala msanga. Chipatala chachikulu cha Zomba Central ndi bungwe la APAM ndi malo ofunsirako za mafutawa.

Makolo, chipewa chachikulu mlomo, malaya a manja aatali ndi mthunzi zimathandiza kwambiri, makamaka kuyambira 10 koloko m'mawa mpaka 4 koloko madzulo. Khanda losakwana miyezi 6 likhale pamthunzi. Chenjeraninso ndi mafuta oyeretsa khungu: ena amakhala ndi mercury kapena hydroquinone, ndipo amasiya khungu lili lofooka padzuwa.

Mafuta atsopano alionse, ngakhale a zomera, yambani mwawapaka pang'ono pamkono n'kudikira tsiku limodzi kapena awiri. Pakatuluka tiziphuphu kapena pakayabwa, asiyeni.