Mankhwala Akatiwenga, Tisakhale Cete

Ambiri a ife tikumbukira mmene chloroquine inali kutiyabwitsira thupi usiku wonse, Coartem isanabwere. Kuyabwa kuja tinali kungopirira, koma ziwengo zina n'zoopsa.

Septrin, ndiponso Fansidar amene amayi apakati amalandira ku sikelo, ndi mankhwala a mtundu wa sulfa. Amathandiza ambiri, koma kwa anthu owerengeka amabweretsa matuza pakhungu, zilonda m'kamwa ndi maso ofiira. Zimenezi zitha kupha.

Tikaona zotere, tileke kumwa, tithamangire ku kiliniki tsiku lomwelo, paketi ili m'manja, ngakhale nchito itacuruka kumunda. Tipemphe anamwino atumize lipoti ku ZAMRA, bungwe loyang'anira mankhwala m'Zambia, kuti ena atetezedwe. Ndipo nthawi zonse tikapita kucipatala, tiyambe tanena kuti, "Sulfa imandiwenga."